Mmene mungakonzekeretsere wophunzira kuyendetsa ndege kuti azisankha mwanzeru zinthu zikathina m'mwamba

Ndinali ndi wophunzira wina amene ankatera ndege mofewa ngati nkhunda. Manja ake anali abwino, ndipo mayeso olemba ankakhoza popanda vuto. Tsiku lina tili mafiti 1,500 kuchokera pansi, ndinabweza throttle, chogwirira chopatsa injini mphamvu, mpaka kumapeto n'kumuuza kuti, "Injini yazima." Mnyamatayo sanayang'ane liwiro, sanayang'anenso pansi kufuna munda woti aterepo. Anatembenuka n'kuyang'ana ine. Panatha masekondi khumi maso ali pa ine, kudikira kuti ndimuuze chochita, uku ndege ikutaya liwiro. Pamtunda wotero ndege yaing'ono ya Cessna 172 yopanda injini imakhala ndi mphindi ziwiri zokha, mwina kupitirirako pang'ono, isanafike pansi.

Chizolowezi chimenechi choyang'ana kumpando wakumanja, kumene kumakhala mphunzitsi, timawapatsira ndife aphunzitsi. Timasankhira wophunzira chilichonse, kuyambira nyengo yoyenera kuuluka, mafuta oti athire, nthawi yobwerera, kenako n'kumadabwa kuti sadziwa kusankha. Tsiku limene adzauluke yekha mpandowo udzakhala wopanda munthu. Malangizo awa ndi a mphunzitsi amene akufuna kuti wophunzira wake adzafike tsikulo atazolowera kale kugamula yekha.

Gawo loyamba: mpatseni mphamvu yokana ulendo injini isanalire

Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Ngozi zambiri za ndege zing'onozing'ono zimayambira pansi, pa tebulo pamene munthu amakonzekera ulendo. Choncho kuyambira pa phunziro lachitatu kapena lachinayi, lekani kumuuza wophunzira kuti lero tiuluka kapena sitiuluka. Mpatseni malipoti a nyengo, METAR ndi TAF, mpatseni kulemera kwa anthu ndi katundu, ndipo mufunseni kuti, "Mukuti bwanji, tipite?" Akayankha, mufunseni chifukwa.

Bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linaika zoyenera kuunika m'mawu achidule akuti PAVE, ndipo ndi zinthu zinayi: woyendetsa mwiniwake, ndege, nyengo ndi malo amene adutse, komanso zomukakamiza zochokera kunja. Pa za woyendetsa pali mafunso ena otchedwa IMSAFE, ofunsa ngati akudwala, ngati wamwa mankhwala, ngati mtima uli pa mavuto ena, ngati analawa mowa, ngati watopa, ndi ngati wadya. Malamulo a FAA amati papite maola osachepera 8 kuchokera pamene munthu wamwa mowa. Koma musalole kuti mafunsowa asanduke nyimbo yoloweza. Wophunzira akabwera maso ali gwa, atagona maola atatu chifukwa anachezera kusiwa, mufunseni ngati iye akanakwera ndege yoyendetsedwa ndi munthu amene ali mmene alili iyeyo. Akanena kuti ayi, phunziro la tsikulo latheka, ngakhale simunachoke pansi.

Khalani nayenso pansi pa masamu a kutentha ndi kukwera kwa malo, chifukwa kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 4,000. Mwezi wa Okutobala masana, kutentha kukafika madigiri 30, mpweya umapepuka moti ndege imachita ngati ili pa mafiti pafupifupi 6,800. Injini imachepa mphamvu, ndege imathamanga mtunda wautali isanachoke pansi, ndipo imakwera mwaulesi. Musamuuze zimenezi ndi pakamwa pokha. Awerenge yekha m'buku la ndegeyo mtunda wonyamukira m'mawa kukuzizira ndi masana dzuwa lili paliombo, kenako mukayese zonse ziwiri, aone ndi maso ake kusiyana kwake.

Pomaliza pa gawoli, alembe malire ake papepala: mphepo yam'mbali yochuluka bwanji imene sanganyamuke nayo, mitambo yotsika kufika pati, kuona patali makilomita angati, mafuta otsala a mphindi zingati. Malamulo a FAA amafuna mafuta apadera a mphindi 30 masana ndi 45 usiku kwa wouluka moona kunja. Ine ndimati wophunzira alembe ola lathunthu. Pepalalo alembe tsiku limene alibe ulendo, mtima uli m'malo, ndipo mugwirizane kuti malirewo sasinthidwa pa tsiku la ulendo.

Gawo lachiwiri: mphunzitseni kubwerera

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri, chifukwa chimene chimapha oyendetsa ambiri a ndege zing'onozing'ono si injini yozima ayi. Ndi mtima wofuna kufika basi. Munthu akayenda theka la ulendo, kubwerera kumamupweteka. Amaona mitambo ikutsika, n'kumadziuza kuti kutsogoloku kuyera. Amatsika pang'ono kuti akhale kunsi kwa mtambo, kenako pang'ono pena, mpaka mapiri ndi mtambo zitakumana iye ali pakati.

M'chaka cha 1954, pa yunivesite ya Illinois ku America, anayesa oyendetsa 20 amene anali asanaphunzire kuuluka podalira zipangizo zokha. Atawatsekera kuti asaone kunja, onse analephera kuilamulira ndege, ndipo pa avereji zinawatengera masekondi 178. Chifukwa chake chili m'khutu. Mkati mwa khutu muli timadzi timene timatiuza ngati tapendekeka, ndipo ndege ikamakhota pang'onopang'ono kwa nthawi, timadzito timadekha n'kumanamiza munthu kuti ali chilili. John F. Kennedy Jr., mwana wa mtsogoleri wakale wa America, anafa motero pa 16 Julayi 1999, usiku wa nkhungu pamwamba pa nyanja, pafupi ndi chilumba cha Martha's Vineyard, m'ndege ya Piper Saratoga. Ifenso tili ndi chilonda chathu. Pa 10 Juni 2024 ndege ya Dornier 228 yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kuli chifunga, n'kupha anthu 9 kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima. Lipoti la akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany linatchula za kupitiriza ulendo chapansipansi nyengo ili yoipa. Aliyense wophunzira kuuluka m'dera la mapiri a Viphya, Zomba kapena Mulanje, kumene chiperoni chimatha kuphimba phiri lonse m'kanthawi kochepa, ayenera kuiwerenga nkhaniyi modekha.

Chitani izi. Musananyamuke ulendo wautali, wophunzira alembe pa mapu malo atatu kapena anayi ogamulira. Pa malo alionse afunse mokweza mafunso atatu: nyengo ili monga tinayembekezera, mafuta ali monga tinawerengera, ndipo bwalo lapafupi loti tingathawireko ndi liti. Anenenso pasadakhale chimene chingamubweze, mwachitsanzo kuti akakakamizika kutsika kupitirira mafiti akutiakuti, akhota n'kubwerera osakambirananso. Chosankha chopangidwa pansi n'chopepuka kuchitsata kusiyana ndi chopangidwa thukuta lili kamukamu.

Kenako inu sandukani wokwera wovuta. Muuzeni pasadakhale kuti lero sindine mphunzitsi, ndine bwana amene wakulembani ntchito. Mitambo ikayamba kuoneka kutsogolo, yambani kumupanikiza ndi mawu amene adzawamvedi m'moyo: "Achimwene, maliro akuikidwa 2 koloko, anthu akudikira ine." Kapena, "Woyendetsa wina uja amadutsa pomwepa bwinobwino, inu mukuopa chiyani?" Mverani mmene akuyankhira. Ambiri ulendo woyamba amagonja, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sakanizidwa, ndiponso kuti maliro sajomba. Akagonja, lolani apitirire pang'ono malinga n'kotetezeka, kenako tengani ndege mubwerere, mukakambirane pansi. Bwerezani tsiku lina mpaka atapeza mawu ake okanira mwaulemu koma osagwedezeka: "Pepani bwana, apa sitidutsa. Titera ku Kasungu, ndipo ndikuthandizani kupeza galimoto."

Muonetseninso ndi thupi lake kuti khutu limanama. Avale chophimba kumaso, atseke maso, inu mukhotetse ndege pang'onopang'ono, kenako anene mmene akumvera. Akatsegula maso n'kupeza kuti zipangizo zikunena zina, sadzaiwala. Pomwepo ayesere kukhota madigiri 180 podalira zipangizo, mopendekeka pang'ono, kwa mphindi imodzi, kuti akalowa mumtambo mwangozi atulukire kumene analowera.

Gawo lachitatu: dongosolo la zinthu zitatu

Vuto likagwa, choyamba ndi kuulutsa ndege. Chachiwiri ndi kudziwa kumene ukupita. Kulankhula pa wailesi ndi kwachitatu. Wophunzira aliyense amatha kunena izi, koma ochepa amazichita nyali yofiira ikayaka.

Muuzeni za ndege ya Eastern 401. Pa 29 Disembala 1972, oyendetsa ndege ya L-1011 anatanganidwa ndi kababu kamodzi kamene kanapsa, koonetsa ngati tayala lakutsogolo latsika. Onse maso anali pa kababuko, ndipo panalibe amene anaona kuti ndege ikutsika pang'onopang'ono mumdima mpaka inagwa m'madambo a Everglades ku Florida. Anthu 101 anafa, chonsecho tayala linali bwinobwino. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, pa 28 Disembala 1978, ndege ya United 173 inazungulira pafupi ndi mzinda wa Portland ku America kwa ola limodzi ikulimbana ndi vuto la matayala, mpaka mafuta anatha, anthu 10 n'kufa. Nkhani ziwirizi zimaphunzitsa chinthu chimodzi, kuti kavuto kakang'ono kamaba maso.

Ndiye mubereni maso dala. Ali pa ntchito yokonzekera kutera, gwetsani cholembera pansi n'kumupempha akutolereni. Mufunseni funso lautali. Muuzeni kuti chitseko chanu chikuoneka ngati sichinatsekeke. Yankho lolondola ndi lakuti, "Dikirani kaye, aphunzitsi," maso ali pa liwiro ndi pa msewu wa ndege. Akakuyankhani motero muyamikireni, ngakhale zitamveka ngati mwano.

Pa injini yozima, manja ayenera kudziwa chochita mutu usanayambe kuganiza. Mphuno itsike kufika pa liwiro loyandama bwino, limene pa Cessna 172 ndi ma knots (muyeso wa liwiro la ndege) 65 kapena 68 kutengera mtundu wake. Asankhe malo otera, ndipo akasankha asamasinthesinthe. Kenako ayese kudzutsa injini potsata checklist, mndandanda wolembedwa wa zoyenera kuchita, ndipo wailesi ibwere pambuyo. Adziwe kuti pa mafiti 1,000 alionse ndegeyo imayandama pafupifupi ma nautical mile amodzi ndi theka, omwe ndi makilomita osakwana atatu, kuti asalakelake bwalo limene sangalifike n'kusiya munda wabwino uli pansi pa phiko. Nthawi ya dzinja akumbukire kuti dambo looneka losalala lingakhale matope okhaokha, ndipo m'munda wa mizere ayenera kutera motsata mizereyo.

Malo oopsa kwambiri ndi pongonyamuka kumene. Injini ikazima pa mafiti 300, mtima umati khota ubwerere kubwalo, ndipo ambiri afera m'kukhota kumeneko. Choncho asananyamuke ulendo uliwonse, wophunzira anene mokweza kuti injini ikavuta ali pansi aima, ikazima asanafike mtunda wakutiwakuti atsitsa mphuno n'kutera kutsogolo kwake, ndipo atchule malo enieni amene akuwadziwa. Tsiku lina mukwere naye mafiti 3,000, muyerekeze kuti pamenepo ndi pansi, ayese kukhota kuja atadikira masekondi anayi ngati munthu wodzidzimuka. Awerenge yekha mafiti amene ataye.

Kudzidzimukako musakuiwale. Ndege ya US Airways 1549 itagunda atsekwe pa 15 Januwale 2009 itangochoka pa bwalo la LaGuardia ku New York, oyendetsa ake Chesley Sullenberger ndi Jeffrey Skiles anali ndi masekondi pafupifupi 208 asanafike pamadzi a mtsinje wa Hudson, ndipo anthu onse 155 anapulumuka. Pofufuza, oyendetsa ena mu simulator, makina oyerekezera kuulutsa ndege uli pansi, anatha kubwerera kubwalo pamene anakhota nthawi yomweyo. Atawonjezera masekondi 35 oti munthu azindikire chimene chachitika, ndege sinafike pabwalo. Wophunzira wanu nayenso adzataya masekondi. Mphunzitseni kupuma kamodzi mozama, kuyang'ana liwiro ndi mapiko, n'kutchula vutolo ndi pakamwa asanakhudze batani lililonse.

Gawo lachinayi: konzani nkhani, kenako tsekani pakamwa

Kuyeserera chinthu chimodzichimodzi n'kofunika, koma kusankha kumaphunzirika m'nkhani yathunthu. Konzani ulendo wokhala ndi cholinga, monga kukatenga wodwala kapena kukasiya mankhwala, ndipo muikemo mavuto ang'onoang'ono obwera motsatana. Mphepo yakutsogolo ndi yamphamvu kuposa mmene analosera. Patapita mphindi 20, muuzeni kuti alternator, yopanga magetsi a m'ndege, yasiya kugwira ntchito. Kenako bwalo limene akupita lanena kuti kwayamba mvula ya mabingu. Palibe vuto limodzi mwa awa limene lingagwetse ndege, koma akaunjikana amafuna munthu woganiza. Yambani ndi vuto limodzi pa ulendo, muziwonjezera akamakhwima. Zimene n'zoopsa kuyesa m'mwamba muzichite mu simulator, ngakhale ya pa kompyuta wamba.

Chovuta kwa mphunzitsi ndi kukhala chete. Musananyamuke, dziikireni malire anu a mtunda, liwiro ndi mafuta amene akafikidwa mutenga ndege. Malirewo asanafikidwe, ikani manja pamiyendo. Akasochera pang'ono, asochere. Akakufunsani chochita, mubwezereni funso: "Ndikanakhala kuti palibe, mukanatani?" Wophunzira uja wa maso a pa ine ndinachita naye zimenezi kwa milungu ingapo. Tsiku lina nditabweza throttle, mphuno inatsika nthawi yomweyo, ndipo ndinangomva akunena yekha kuti, "Munda uwo wa kumanzere, mphepo ikuchokera kum'mawa." Sanatembenuke n'komwe.

Gawo lachisanu: atsegule pakamwa

Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Pa 25 Januwale 1990, ndege ya Avianca 52 yochokera ku Colombia inadikiritsidwa m'mwamba kupitirira ola limodzi ikufuna kutera pa bwalo la JFK ku New York. Oyendetsa anauza a pansanja, amene amalondolera ndege pa wailesi, kuti mafuta akutha ndipo anapempha kuti awaganizire msanga, koma sanatchule mawu amodzi oti zinthu zafika pangozi. Mafuta anatha, ndege inagwa, anthu 73 anafa. Wophunzira wanu azitchule mawuwo ndi pakamwa pake m'kalasi mpaka manyazi atatha: Mayday katatu moyo ukakhala pachiswe, Pan-pan katatu pa vuto lofunika changu, 7700 pa transponder (chipangizo choonetsa a pansanja pamene ndege ili), ndi 121.5 pa wailesi ngati palibe amene akumumva. Adziwenso kuti a pansanja akamuuza chinthu chimene sangathe, ali ndi ufulu woyankha kuti sangathe.

Mbali ina ndi yotsutsa wamkulu. Pa 27 Malichi 1977 pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pa msewu wa ndege m'chifunga, anthu 583 n'kufa. Kaputeni wa KLM anali mphunzitsi wamkulu pa kampani yake. Injiniya wa m'ndegemo anafunsa ngati ya Pan Am yachoka pa msewu, kaputeni anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ngozi imeneyi ndi ya Portland ija ndi zimene zinabala maphunziro a CRM, ophunzitsa anthu a m'ndege kumverana ndi kudzudzulana. Kwa ife amene tinakula tikugwadira akulu, phunziroli limafuna khama lowirikiza. Ulemu wathu ndi wabwino, koma m'chipinda choyendetsera ndege wamng'ono ayenera kutha kunena kuti, "Aphunzitsi, tatsika kwambiri," ndipo akapanda kumvedwa anenenso mokweza.

Muuzeni pa tsiku loyamba kuti nthawi zina muzilakwitsa dala zinthu zosaopsa, monga kutchula mtunda wolakwika kapena kulumpha mzere pa checklist, ndipo ntchito yake ndi kukugwirani. Akakugwirani pa cholakwa chenicheni, chimene simunachite dala, vomerani pomwepo n'kuthokoza. Mukakwiya kamodzi kokha, sadzalankhulanso. Gwirizananinso mawu opatsirana ndege, wopereka anene, wolandira abwereze, woperekayo atsimikize, kuti pasadzakhale mphindi imene aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyendetsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mitima isanu

FAA imatchula mitima isanu yoopsa: kudana ndi malamulo, kupupuluma, kudziona ngati ngozi zimagwera ena okha, kufuna kuonetsa chamuna, ndi kutaya mtima kuti palibe chimene ndingachite. Musaiphunzitse ngati ndondomeko ya pa bolodi. Mukamudziwa bwino wophunzira, muuzeni mwachikondi umene mwauona mwa iye, ndipo inunso mutchule wanu.

Gawo lomaliza: kukambirana mukatera

Musalole kuti wophunzira athamangire minibasi injini itangozima. Khalani pansi mphindi 15, ndipo ayambe ndi iye. Afotokoze zimene anaona, zimene anaganiza, njira zina zimene zinalipo, ndi chifukwa chimene anasankhira imeneyo. Inu mulankhule pomaliza.

Pamenepa muweruze chosankha, osati mmene zathera. Wophunzira amene wabwera mothamanga ndi mokwera, n'kukakamiza ndege kutera mpaka yaima pafupi ndi mapeto a msewu, walakwa ngakhale palibe chathyoka. Amene waona kuti zinthu sizili bwino, n'kuwonjezera mphamvu kukweranso kuti akayambirenso, wachita bwino ngakhale zamudyera mphindi zisanu ndi ndalama zake. Munene zimenezi momveka, pamaso pa anzake ngati n'kotheka, chifukwa ophunzira amaonera zimene mphunzitsi amayamikira. Chimodzimodzi amene wabwerera chifukwa cha mitambo, kenako kunja n'kuyera patatha theka la ola, musamuseke ngakhale pang'ono. Anasankha ndi zimene ankadziwa pa nthawiyo.

Sungani kabuku kolembamo zosankha zake, osati maola okha. Musanasainire kuti apite yekha ulendo wautali, tsegulani kabukuko mufufuze zinthu zinayi. Alipo masiku amene anakana ulendo inu musanamuuze? Anayamba wabwererapo kapena kupatukira bwalo lina mwa yekha? Anayamba wasiyapo kutera n'kukweranso popanda inu kulankhula? Anayamba wakutsutsanipo? Ngati chimodzi mwa izi palibe, konzani ulendo wina woti chichitike, ndipo siginecha idikire kaye.